Mayi a Agnesi sanatalikebe

Tsiku la sitima sabata ino ndinatsikira kugombe ku Chipyela kukalandira katoni ya choko ya sukulu yathu. Mukudziwa mmene kumakhalira. Chisumbu chonse chimakhuthukira pamenepo, wina akulandira mlendo, wina akutumiza nsomba, ambirife tangobwera kudzaona amene watsika. Ndili m'kati mokankhana ndi anthu, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

Kucheuka, ndi Agnesi wa ku Mbungo, mtsikana amene ndinamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo. Anali ataima pakati pa matumba a usipa wouma, akudikira boti loti liwatengere kusitima. Tinapatsana moni, ndinafunsa za kunyumba. Kenako iye anati:

"Ndamva kuti abambo a basiketibo aja akubweranso. Mng'ono wanga Lusiya ali m'timu mwanu." Anaseka pang'ono. "Koma ndikuuzirenitu, Aphunzitsi. Mayi athu sanatalikebe."

Ndinaseka nawo, poti panali anthu. Koma manyazi amene ndinachoka nawo pagombepo sanandisiye mpaka lero, ndipo ndibwino ndikuuzeni chifukwa chake.

Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale, ndipo tikaweruka ndimaphunzitsa atsikana basiketibo. Musaganize za bwalo la simenti lonyezimira ngati la pa kanema. Lathu ndi la dothi, mitengo iwiri, ndi mikombero yachitsulo imene anatiwotcherera mmisiri wina wachifundo. Mpira ukaphulika timadikira sitima.

Chaka chimene Agnesi anali Fomu 4, ndinalandira foni kuchokera kwa kochi wa koleji ina ya kumtunda, kutsidya kwa nyanja. Koleji imeneyo imapereka malo aulere kwa atsikana odziwa mpira: usewere m'timu mwawo, uphunzire osalipira. Kwa mwana wa kuno, amene makolo ake amadalira chinangwa ndi ukonde, mwayi wotere subwera kawiri.

Kochiyo anati abwera pa sitima koma sagona. Sitima ikangotsitsa katundu, apitirira nayo.

"Ndili ndi ola limodzi lokha," anatero. "Mundilembere atsikana anu khumi, kuyambira nambala wani kutsika m'munsi. Ine ndidzaona atatu oyambirira. Ndipo musangondilembera amene akusewera bwino lero. Ndikufuna amene ali ndi tsogolo."

Tsogolo! Kodi tsogolo la mwana umaliona pati? Pamphumi?

Ine ndinakalifuna kutchalitchi. Lamlungu limenelo kunali mapemphero a pamodzi kutchalitchi chachikulu, midzi yonse inabwera. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, ndipo anthu atandanda kupita ku Mgonero, ndinayamba kuyeza makolo ndi maso. Mulungu andikhululukire. Bambo a Joyisi, mtsikana wina wa m'timu mwanga, anadutsa, mutu wawo uli pamwamba pa mzere wonse, ndipo ndinakumbuka kuti agogo ake, amene anagwira ntchito ku Joni, ankawerama polowa pakhomo. Mayi a Agnesi anadutsa, mpango wawo ukungofika paphewa la amene anali kutsogolo kwawo. Malemu bambo ake nawonso sanali otalika. Pofika nyimbo yotulukira, mndandanda unali utatha m'mutu mwanga.

Joyisi nambala wani. Agnesi nambala seveni.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinkadziwa. Agnesi ankayenda pansi kuchokera ku Mbungo tsiku lililonse, ndipo anzake akapita iye ankatsala pabwalo kumangoponya. Mpira ukafika m'manja mwake, ankadziwa kale mnzake amene ali pabwino asanatembenuke n'komwe. Akaponya ali kutali, ife tinkangoyamba kuomba m'manja mpira uli m'malere. Joyisi ankasewera chifukwa ndinachita kumunyengerera. Mtima wake unali kukwaya.

Koma ndinadziuza kuti basiketibo ndi ya anthu aatali, ndipo kochi wafuna tsogolo.

Mndandandawo ndinaumata pachitseko cha ofesi ya aphunzitsi, poti ife a kusukulu chilichonse timamata. Ndiponso ndinaulula njira yanga yoyezera makolo kwa mphunzitsi mnzanga, ndikunyadira nzeru zanga. Pa chisumbu pano ukalankhula ku Chipyela m'mawa, masana anthu akuseka ku Khuyu. Nkhaniyo sinachedwe kumupeza Agnesi.

Tsiku la kochi, iye anabwerabe, nsapato zosewerera zili m'manja.

"Aphunzitsi, ndilowe nawo ngakhale pang'ono?"

"Lero ndi la atatu okha, mwanangu."

Sanatsutse. Anakakhala pamuzu wa mlambe n'kumaonerera mpaka sitima inalira. Kochi anasankha Joyisi. Joyisi anasewera teremu imodzi, mpira unamutopetsa, anasiya, ndipo malo aulere aja anathera pomwepo. Sindimuimba mlandu mwana ameneyo. Sanapemphe kukhala nambala wani.

Masiku apitawa mphunzitsi mnzanga yemwe uja anandionetsa pa foni yake mmene amachitira ku Amereka. Kumeneko ana oti sanapondeko m'kalasi la koleji amakhala atalembedwa kale manambala, dziko lonse likuwerenga. Uyu ali ndi nyenyezi zisanu, uyu zitatu, uyu akuti adzakhala katswiri, uyu akuti asavutike. Ndinapukusa mutu, n'kunena kuti anthu awa alibe chisoni ndi ana. Kenako ndinakumbuka chitseko cha ofesi yathu. Bola iwowo amapita kukamuona mwanayo akusewera. Ife timaona agogo ake.

Kodi ndikunama? Funso loyamba limene timamufunsa mwana kuno ndi liti? Si lakuti umatha chiyani. Ndi lakuti, "Ndiwe mwana wa ndani?" Akangoyankha, basi tamaliza naye. Banja lakuti ndi la mitu, linayamba kutulutsa ansembe ndi aphunzitsi nthawi ya amishoni. Banja lakuti ndi la nkhafi, ana awo sukulu imangowachedwetsa kupita kunyanja. Banja lakuti amayamba bwino koma samaliza. Timatero posankha woyang'anira kalasi, timatero posankha wotsogolera nyimbo, timatero ngakhale pa nkhani za maukwati. Kudziwana kwathuku, kumene timanyadira alendo akabwera, kumatseka maso athu pa mwana amene waima patsogolo pathu.

Sindikunena kuti kusankha n'kulakwa. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, wina ayenera kutsala. Sindikunenanso kuti kochi akanamutenga Agnesi. Mwina akanamuona n'kunena kuti ndi wamfupi, ngati mmene ndinanenera ine. Sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Koma akanamukana atamuona. Ine ndinamukaniza kuonedwa kumene.

Musamumvere chisoni cha wopemphapempha. Agnesi ali ndi bizinesi yake, usipa wake umafika kumtunda, ndipo ndi amene akusamala mayi ake. Koma ankafuna unamwino. Mayeso anakhoza, fizi inasowa, ndipo khomo limodzi limene likanatseguka popanda fizi ndinaimapo ine.

Tsopano kochi yemwe uja watumizanso uthenga. Mawu ake sanasinthe: atsikana khumi, kuyambira nambala wani, adzaona atatu. Nditabwera kuchokera kugombe tsiku lija, ndinatenga pepala n'kulemba mosaganiza kawiri: nambala wani, Lusiya. Mtima unakhala ngati wapepukako.

M'mawa mwake, poti ndinalibe makalasi, ndinayenda ulendo wa ku Mbungo, njira yomwe Agnesi ankayenda tsiku ndi tsiku. Miyendo inandiuza zimene sindinafune kumva. Ndinamupeza akuyanika usipa pathandala.

"Agnesi, ndinakulakwira chaka chija."

"Zinapita zimenezo, Aphunzitsi."

"Bwanji uzibwera masana kudzandithandiza kuphunzitsa atsikanawa?"

Anayang'ana zikhato zake. "Manja awa anazolowera matumba tsopano."

Apo ndinatulutsa pepala langa, ndikuganiza kuti ndamubweretsera mphatso. "Taona, Lusiya ndamuika nambala wani."

Anasiya kuyanika. "Ndiye amaposa onse?"

Ndinayamba kuchita chibwibwi. Lusiya amasewera bwino, koma kunena zoona alipo awiri amene amamuposa, ndipo wachitatu amalimbana naye.

"Ndiye mwayambanso, Aphunzitsi," anatero Agnesi, mosakweza mawu. "Chaka chija munaona Mayi. Lero mwaona ine. Pali mwana wina amene mwamutsitsa kuti Lusiya akwere, ndipo nayenso ali ndi kwawo."

Anabwerera ku usipa wake. Ine ndinabwerera ku Chipyela, pepala lili m'thumba.

Nditafika ndinamuimbira kochi. Ndinamupempha kuti ola lake lija atsikana onse khumi asewere, asanu mbali iyi, asanu mbali iyo, popanda manambala, iye asankhe ndi maso ake.

"Aphunzitsi, mukufuna ndidzagwire ntchito yanu?" anadandaula. "Anthu khumi pa ola limodzi ndidzaona ndani? Kumtunda kuno kuli masukulu amene mindandanda yawo ndi yokonzeka kale, ndipo sindikwera sitima kuti ndikafikeko."

Anati aganiza kaye, andiyankha sitima isanabwerenso. Choncho mwina sabwera n'komwe, ndipo atsikana khumi aluza mwayi chifukwa mphunzitsi wawo wachedwa kuphunzira. Zimenezi zikundidetsa nkhawa, sindibisa.

Pepala latsopano lili pa tebulo langa, mayina khumi opanda nambala. Lamlungu likubwerali ndakonza zokhala pakati pa benchi, ndipo makolo akamadutsa kupita ku Mgonero, maso anga adzakhala m'buku la nyimbo.

Koma kochi akaumirira, ndidzaulemba mndandandawo, poti malo amodzi ndi abwino kuposa kusowa onse. Ndidzalemba zimene ndaona pabwalo, osati m'tchalitchi. Ngakhale zili choncho, wina adzakhalabe pa nambala seveni. Mwana ameneyo ndimadziwa kwawo, ndimadziwa mtunda umene amayenda, ndipo tsiku la sitima adzabwera nsapato zili m'manja.

Inu amene mumaona tsogolo la ana pamphumi, tandiuzani: ndilembepo ndani?