Nsapato Zosatha Kunsi

Mwana wanga wachiwiri anamupeza ndi matenda a shuga ali sitandade 3, masiku aja tinkakwera basi titaonetsa kaye khadi ya chipani. Adokotala a pachipatala cha Matandani anandiphunzitsa kuwiritsa jakisoni ndi kumubaya m'mawa uliwonse, kenako anandichenjeza.

"Mayi, thupi la mwanayu sililimbana ndi tizilombo ngati la anzake. Kabala kakang'ono kangathe kumudya phazi. Asamayende wopanda nsapato."

Kwathu ku Dambe mwana wovala nsapato ankachita kumuloza. Ndinamugulira zakuda za pulasitiki, n'kumamuveka ndekha, kukamwa kusakupuma. Ndine wa mtima wapachala, ndipo ana anga ankadziwa. Miyezi inapita nsapato zili zatsopano kunsi, ine n'kumanyadira kuti ndinabereka mwana wosamala zinthu. Osadziwa kuti akangotsika kumtsinje ankazivula n'kuzibisa m'tchire, poti anzake ankamuchitira sawasha pomunyoza kuti abwana afika.

Ndinazindikira tsiku lina masana atakhala pakhonde, ntchentche zikuzungulira phazi limodzi lokha. Nditamuvula nsapato, fungo linandibweza. Chitsa chinamubaya kunsi kwa chala chachikulu, bala linali litachita mafinya, phazi litatupa, ndipo thupi lonse linali moto.

"Kodi iwe, zayamba liti izi?"

"Kale, amayi. Mukanakalipa."

Ndinamubereka, mnyamata wamkulu miyendo ili lendelende, mpaka kuchipatala. Adokotala anatsuka balalo, kumubaya penisilini, n'kulemba mzere ndi bolopeni pamwamba pa kutupako.

"Kukadutsa apa, mupita ku Blantyre, ndipo kumeneko mwina akadula phazi lonse."

Sindinaopepo chinthu m'moyo mwanga ngati mzere umenewo. Ndinkauyang'ana pakudya, ndinkauyang'ana popemphera, diso limodzi lotsegula. Amayi anzanga mu wodi ankandiseka kuti ndiufufuta ndi maso. Masiku ena ndinkaona ngati kutupa kwakwera, n'kuthamangira anamwino, iwo akuti, "Khalani pansi mayi, ndi pomwe paja." Sindinkawakhulupirira.

Kutupa kunaima kutatsala pang'ono kufika pamzere, koma chala chinali chitada kale, ndipo anachichotsa. Mwana atatsitsimuka sanalire. Anayang'ana bandeji nthawi yaitali, kenako anandikoka chitenje.

"Amayi, kodi ana anzanga akamamenya mpira, ine adzandisankhabe?"

Ine wolongolola uja ndinangomufunditsa bulangeti kumapazi.