Chigoba cha Nkhono cha Aphunzitsi Akolgo

A Akolgo anaphunzitsa Chingerezi m'mudzi wina kufupi ndi tauni ya Bolgatanga mpaka imvi zinadzaza mutu. Phunziro lawo lapamtima linali la afotokozi ndi aonjezi. Likafika, ankatulutsa ana pabwalo, iwo n'kumayenda ngati bilimankhwe pansi pa mlambe.

"Munthuyu ndi 'slow', koma akuyenda 'slowly'. Mwamva, mbuzi inu?"

Ana ankaseka, koma sankaiwala.

Analinso ndi chigoba cha nkhono chomangirira pachingwe. Mwana akagwidwa akuyankhula Chifrafra, chiyankhulo chakwawo, pasukulu ankachivala m'khosi mpaka atapezeka wolakwa wina. Talata, mwana wawo yemwe, anachivalapo, nalira njira yonse.

"Bambo a Talata, mwana wanga wasanduka ng'ombe yoti azivala belu?" anafunsa a Ayinpoka, akazi awo, amene sanapondepo m'kalasi.

"Mudzandithokoza."

Talata anakhoza, anakakhala ku Accra, ndipo mwana wake Gifty anamulera m'Chingerezi chokhachokha.

Chaka chatha mphepo yafumbi inabwera msanga, mapira atangolowa m'nkhokwe. Milomo inang'ambika, dzuwa linafiira. Chifuwa chinawagoneka a Ayinpoka, ndipo anapempha chinthu chimodzi: acheze ndi mdzukulu wawo asanatsikire kuli chete.

Talata anabwera naye. Gifty anaima pambali pa mphasa, nsapato zili mbuu.

"Khala pansi, mkazi mnzanga," anatero agogowo. "Wabwera kudzandilanda nkhalamba yangayi? Itenge, koma imaliza mkonono."

Mtsikanayo sanamve. Anayang'ana a Akolgo. Iwo anamasulira, koma nthabwala ija inafera pakamwa pawo.

Kenako a Ayinpoka anayamba kutchula makolo awo, mayina otamandira mtundu, chitsime chimene anatungako ali namwali, madalitso a mvula ndi a ana. Anayankhula nthawi yaitali, akupumira m'mwamba. A Akolgo anafufuza m'Chingerezi chawo chonse.

"Akuti ukule bwino," anatero.

"Mwamuuza zonse?" anafunsa a Ayinpoka.

"Ndamuuza."

"Bodza. Ine ndayenda ulendo wonse uja, inu mwangofika pakhomo."

Agogowo anangogwira dzanja la mwanayo mpaka tulo tinawatenga. Mvula yoyamba inagwa iwo ali m'manda.

Tsiku lobwerera ku Accra, Gifty anaona chigoba chija chili pamsomali. Chinamukongolera, nachivala m'khosi. Talata anayang'ana bambo ake. A Akolgo anatuluka panja.