Nyimbo Yobedwa ya Agogo Kachru

A Kachru anaimva nyimbo yawo ali kunja kwa kachisi, kutsidya kwa ngalande, pamene anthu a mtundu wathu wofufuta zikopa ankaloledwa kuima. M'katimo munkalira ng'oma imene chikopa chake anakunga ndi iwo omwe. Ng'oma inalowa, mwini manja anatsala panja.

Mawu onse anali awo: "Nsapato imatsala pakhomo la kachisi, koma ndiyo yabweretsa wopemphera. Vitthal Mulungu wanga, nsapato yanu ili panja, ikukudikirani."

Kwathu nyimbo ya Mulungu imathera ndi dzina la woipeka. A Kachru anatchera khutu. Vaman, woimba wa pakachisi, anakweza mawu ake okoma aja namaliza: "Akutero Vaman." Anthu anaomba m'manja.

Amene ndikukambawa ndi agogo anga aamuna. Ine lero ndili ndi masitolo a nsapato ku Pune, ku Dubai ndi ku Muscat, ndege ndimakwera ngati basi, ndipo mahotela amene ndagonamo sindiwakumbukiranso mayina. Koma konse kumene ndaponda sindinaoneko anthu olimba mtima ngati agogowa ndi akazi awo. Tamverani, inu amene mwafooka.

Dzina loti Kachru limatanthauza zinyalala. Makolo awo ana ankangowafera, ndiye anati imfa ikamadutsa isaone chotola. A Kachru sukulu sanaione. Nyimbo ankazipeka akusoka nsapato, ndipo Vaman anaimva ija atabweretsa ng'oma yong'ambika. Anaima patali atatseka mphuno ndi nsalu, koma makutu sanatseke.

Tsiku lobedwa nyimbolo a Kachru anakankhira kutali mkate wa mapira ndi anyezi.

"Basi, sindidzapekanso," anatero.

Akazi awo, a Hausabai, anagwira m'chiuno. "Bambo a Shanta, khwangwala akaba mkate umodzi, ine ndiphwanye chiwaya?"

"Ndani angakhulupirire kuti munthu wotchedwa Zinyalala wapeka nyimbo?"

"Ine ndinakwatiwa naye munthu ameneyo, ndipo sindinafe nazo. Idyani, nkhope yakwinyika ngati chikopa chonyowa."

Onani kuti sanawatchule dzina. Kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake, amati kutero n'kumudulira masiku a moyo. Chichokereni tsiku la ukwati, dzinalo linali lisanadutsepo pakamwa pa a Hausabai.

A Kachru anadya, m'mawa mwake n'kupeka ina. Vaman anaitenganso. Anakadandaula kwa akuluakulu a m'mudzi, iwo n'kuwaseka: "Iwe, fungo lako timalidziwa, koma nyimbo yako sitinaimvepo." Anayesa kuimba pamsika, wogulitsa mafuta n'kuwathira madzi otsukira mbale. Anapukuta kumaso, madzulo n'kupekanso. Nyundo ikamagogoda, nyimbo. Chikopa chikamanunkha, nyimbo.

Mvula itayamba, inafika nyengo yoyenda wapansi kupita ku Pandharpur, kukachisi wamkulu wa Vitthal. Pamsewu umenewo aliyense amatchedwa Amayi, ngakhale wandevu zofika pachifuwa, ndipo wina akakugwira mapazi nawe umagwira ake. A Kachru anati mpata ndi umenewu: akaimba pamaso pa anthu a midzi ina, dzina lawo likamveka.

Koma mvula inawanyowetsa, mphepo n'kuwatseka pakhosi. Masana ena khamu lonse linapuma pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo Vaman anaimirira n'kuyamba nyimbo ya nsapato ija. Anthu ochokera kutali analira misozi. A Kachru anadziwa kuti anthu amenewa akabwerera kwawo ndi dzina la Vaman, nyimboyo yapita mpaka kalekale. Anatsegula pakamwa, koma panatuluka phokoso ngati la chitseko chadzimbiri.

A Hausabai anamanga nsalu m'chiuno. "Bambo a Shanta, mukafa mawa mundikhululukire."

"Mukufuna kutani, mayi a Shanta?" ananong'ona.

"Khalani chete, mawu mulibe kale."

Vaman anafika pamzere womaliza, nakoka mpweya. Asanautulutse, mawu a mzimayi wozolowera kuitanira malonda pamsika anang'amba khamulo pakati.

"Akutero Kachru! Kachru wosoka nsapato, mwamuna wanga!"

Ng'oma inaima. Azimayi anagwira pakamwa. Mzimayi wina wa mudzi wakutali anafuula: "Watchula! Anthuni, watchula! Mkazi saika moyo wa mwamuna wake pachiswe chifukwa cha bodza."

Bambo wina wandevu zoyera anatembenukira kwa woimbayo. "Amayi Vaman, tikupita kwa Vitthal tonse. Nyimboyi ndi yandani?"

Vaman anayang'ana kumwamba. Thukuta linatsika.

"Ndinaitola," anatero.

"Kuti?"

"Pakhomo pa Kachru."

"Yokhayi?" anafunsa a Hausabai.

"Ndi zinzake, Amayi. Musandithere pano."

Khamu linaseka mpaka mbalame kuuluka m'mitengo. Kenako Vaman, yemwe uja wotseka mphuno, anayenda pakati pa anthu n'kuwerama n'kugwira mapazi amatope a agogo. A Kachru nawonso anagwira ake. Ndipo nyimbo inaimbidwanso kuyambira pachiyambi, anthu onse n'kumaliza ndi mawu amodzi: "Akutero Kachru!"

Sindikunamizani kuti zonse zinasintha tsiku lomwelo. Atabwerera kumudzi, agogo anaimabe kutsidya kwa ngalande kwa zaka ndithu asanaloledwe kulowa. Koma dzina lawo linkamveka m'kachisimo, ndipo iwo ali panjapo ankamwetulira ngati mwini nyumba amene wangotuluka kukapitidwa mphepo. Oyenda ulendo ankapatuka kudzagula nsapato kwa wopeka nyimbo, ndipo malonda amene ndikudyerera lerowa anabadwira pamenepo.

Za imfa zija? Agogo anakalamba mpaka mano onse kutha. A Hausabai ankati, "Ndikanadziwa, ndikanamawatchula m'mawa uliwonse." Koma sanabwerezenso.

Pitani ku sitolo yanga iliyonse, mukaona pamwamba pa khomo dzina la zilembo zagolide: KACHRU. Anthu olemera amalitchula mwaulemu, ena mpaka kufunsa ngati ndi dzina la mfumu.

Inunso mwina akuimitsani kutsidya kwa ngalande, ntchito yanu ikuomberedwa m'manja m'dzina la wina. Musaphwanye chiwaya. Pekani ina mawa, ndipo mukhale pafupi ndi munthu amene angafuule dzina lanu tsiku limene mawu anu adzatseke.

Osataya mtima!