Mandasi a mayi a Tadala ndi buku la njoka

Lamulungu lapitali mandasi a mayi a Tadala anabwerera kunyumba osakhudzidwa. Amene mumapemphera nafe kuno ku Newcastle mukudziwa kuti zimenezi sizinachitikepo. Mayiwa ndi namwino, amakazinga mandasi akaweruka kuchipatala, ndipo mapemphero akatha timawalimbirana ngati kwathu kulibe chakudya.

Mlandu unali wa amuna awo, a Yamikani. Iwowa amagwira ntchito m'nyumba ina yosungira mabuku akalekale, ndipo anaika pafoni chithunzi cha buku limene akulisamalira. Pachithunzipo panali njoka yodziluma mchira, dzuwa la nkhope ya munthu, ndi mfumu ikusamba mumphika. Pansi analemba kuti bukulo analisindikiza Adatchi zaka mazana angapo zapitazo, ndipo limanena za kusandutsa mtovu kukhala golide.

Kodi Mmalawi amafunanso umboni wina? Tsiku lisanathe zinali zitadziwika kuti a Yamikani anakhwima, ndi kuti galimoto yawo ija, imene timaikankha tonse kukazizira, ndi yamankhwala.

Mpingo unatuma mkulu wathu, a Nkhoma, kuti akadzionere okha. Ine anandiuza kuti ndiwaperekeze, mwina poona kuti wolemba nkhani akalodzedwa sipawonongeka zambiri.

A Yamikani anatilandira bwino kuntchito kwawo, n'kutiuza kuti tisambe m'manja. Buku linabwera litagonekedwa pa pilo, pilo wake wabwino kuposa wanga. A Nkhoma anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo ka mafuta odzozera.

"Bambo, chonde," anatero a Yamikani, atagwira mkono wa mkuluyo ndi manja awiri. "Dontho limodzi lokha, ntchito yanga yathera pomwepo."

"Ndiye kuti likuopa mafuta?" anafunsa a Nkhoma, maso ali kwa ine kuti ndikhale mboni.

"Likuopa mafuta, madzi, ngakhale malovu a pachala. Ndi pepala ili, bambo."

Anatsegula tsamba lina. Panali munthu atagwada pafupi ndi ng'anjo, manja ali m'mwamba. A Yamikani anati ambiri mwa olemba mabuku otere anali anthu opemphera, okhulupirira kuti mmene moto umayengera chitsulo ndi mmenenso Mulungu amayengera mtima. A Nkhoma anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka anatsitsa mawu.

"Nanga za golidezi, zimathekadi?"

"Zikanatheka, bwenzi mukundikankhira galimoto?"

A Nkhoma anabweza kabotolo m'thumba. Mpaka lero sindikudziwa ngati mtima wawo unakhala pansi kapena anakhumudwa.

Ndi mmene tilili, abale. Tinawoloka nyanja, tili ndi madigiri, timabaya azungu jakisoni, koma mnzathu akagwira chinthu chimene sitikuchidziwa, kumufunsa ayi. Timayamba tasala chakudya cha mkazi wake, kufufuza pambuyo. Ndipo chimene tikuchiopacho, tikakhala patokha timafunsanso ngati chimagwira ntchito.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mayi a Tadala bukulo sanalionepo n'komwe. Iwo anangoona mbale yodzaza, ndi mwana wawo akufunsa m'Chingelezi chifukwa chimene anzake sakudyera. Anavundikira mbale ija akumwetulira, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

A Nkhoma alengeza kale pagulu lathu la pafoni kuti bukulo lilibe vuto. Anthu ayankha ndi tizithunzi ta manja opemphera. Wopepesa sindinamuone.

Dzulo ndinaimbira mayi a Tadala kuwafunsa ngati Lamulungu lino kudzakhale mandasi.

"Ndili pa shifiti, achimwene," anatero.

"Nanga Lamulungu linalo?"

"Ndapempha kuntchito kuti azindiika Lamulungu lililonse."