Kwatsala mphindi zisanu, Bambo Tilbrook

Bambo Norman Tilbrook, amene amakhala m'nyumba ya okalamba ku Greenwich komwe ndimagwira ntchito, anachita zisudzo zaka makumi asanu. Dzina lawo silinalembedwepo pamwamba pa chikwangwani cholengeza sewero. M'mafilimu anakhalapo wapolisi, wantchito wotsegulira alendo chitseko, ndipo kasanu konse anakhala mtembo. Akazi awo anatopa nazo n'kuchoka. Ana alibe.

Sabata yanga yoyamba ndinalimbana nawo mpaka msana kuwawa. "Agogo, dzukani mukasambe." Iwo osasuntha, maso kukhoma. Ine kudzuka folo koloko ku Barking, kukwera sitima ziwiri, kudzanyengerera munthu wamkulu ngati khanda!

Dyna, mnzanga wa ku Kasungu amene wakhalitsa pano, ndiye anandiuza chinsinsi. Anati kumalo a zisudzo munthu sadzutsidwa, amaitanidwa nthawi yake yokasewera ikayandikira. Umagogoda kawiri n'kunena kuti, "Kwatsala mphindi zisanu, Bambo Tilbrook."

Ndinayesa. Anadzuka okha, kupesa tsitsi, kuwongola kolala ya pijama. Lero sadziwa kuti tili m'chaka chanji, dzina langa sadziwa, koma kuitana kumeneko sanakuphonyepo.

Ndikamaliza kuwasambitsa amagwira chitsulo cha bedi, n'kuwerama pang'ono ngati wazisudzo sewero likatha, n'kudikira. Ine ndimakhala ndatsala ndi anthu asanu ndi mmodzi oti ndiwasambitse, miyendo ikuphwanya. Komabe ndimavula magolovesi n'kuwomba m'manja. Zaka makumi asanu akuweramira kumbuyo kwa anzawo. Pano ali kutsogolo okha, ndipo owonera onse ndi ine ndekha.