Kuyenda Kumbuyo kwa Saidi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pepala lokulungira zitumbuwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma chilichonse cholembedwa sindinkachisiya, ngakhale botolo la mankhwala a ng'ombe. Tsiku lina pa depoti ya basi ku Mangochi, a Gondwe, mphunzitsi wa ana osaona pa sukulu ina ya mishoni, anandipeza ndikuwerenga mokweza nyuzipepala yodzaza mafuta. Anandifunsa ziwiri zokha: ngati khadi ya chipani ndili nayo, ndiponso ngati mawu anga sasasa msanga.

Ine ndinkawerenga buku, iwo n'kumalitayipa pa makina a mabatani asanu ndi limodzi otulutsa zilembo za madontho. Ana ankalemba pa sileti yachitsulo, kuboola pepala ndi kachitsulo kosongoka kuchokera kumanja kupita kumanzere, n'kulitembenuza powerenga. Masana ndinkawaperekeza pophunzira ndodo yoyera: phazi lamanzere likatsogola, ndodo igunde kumanja.

Nsanje inandilowa chifukwa cha mmodzi wa anawo, Saidi wa ku Nkope. Mnyamatayu anakhoza mayeso a Sitandade 8, nasankhidwa kupita ku sekondale. Mabuku onse amene anakhoza nawo anadutsa pakamwa panga, koma ine ndinali paipi chabe: madzi adutsa, chimanga chamera kwina. Makolo akabwera, a Gondwe ankalandira chambo. Ine ndinali “kamnyamata ka aphunzitsi,” ndipo changa chinali moni.

Koma malo a Saidi anatsala pang'ono kutayika. Mjomba wake, Che Jafali, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo anakana. “Mwana wa mlongo wanga akafere pa msewu wa eni? Iyayi.” A Gondwe anawanyengerera mpaka anagwirizana chimodzi: Saidi akayenda yekha kuchokera potsikira basi kukafika pa khonde la mayi ake, Abiti Yusufu, apita ku sekondale. Akalephera, akhala pakhomo.

Tchuthi chonse ndinali ku Nkope, kuyenda naye njirayo mpaka anailoweza. Kuchoka pa golosale pamene basi imaima, kutsata khoma la mzikiti, kufika poyambira mchenga, kenaka kupeza thandala loyanikapo usipa, kulilondola ndi ndodo mpaka pothera, n'kukhotera kumanja. Thandalalo ndilo linali chikwangwani chake.

Tinasankha Lachisanu, anthu atatuluka mu mzikiti. A Gondwe anandikokera pambali. “Lameki, uyende kumbuyo, manja m'thumba, pakamwa potseka. Akagwa adzuka yekha.”

Pa golosale bwinobwino. Khoma la mzikiti bwinobwino. Titafika pa mchenga ndinaona chimene iye sakanaona: thandala kulibe. Abiti Yusufu anali atalizula m'mawa womwewo, nasesa njira yonse mbee, kuti mwana wawo asagunde kanthu pamaso pa anthu.

Ndodo inafufuza kumanzere, inapeza mphepo. Saidi anasuntha pang'ono, nafufuzanso, kenaka analunjika kunyanja. Che Jafali anayamba kupukusa mutu. Mantha ndinali nawo, inde, koma pansi pa manthawo panali kena kakang'ono kakudikira mosangalala. Ndinkati tsopano aitana “Achimwene Lameki!” ndipo mudzi wonse udziwa amene anapondaponda mchengawu mpaka zidendene kung'aluka. Ndinakonzeratu ndi kukhosi komwe.

Saidi anaima. Anapendeketsa mutu, kumvetsera mafunde, nazindikira kuti ayandikira kwambiri.

“Amama! Thandala mwaika kuti?”

“Ndazula, bambo wanga,” anayankha mayiyo ali pa khonde. “Ndimati mungapweteke.”

“Lankhulanibe.”

“Ndilankhule chiyani?”

“Chilichonse. Ndikalipireni za mbale ija ndinaswa.”

Anthu anafa nalo phwete. Abiti Yusufu, misozi ili mbwembwembwe, anayamba kukalipa za mbale, za malaya ong'ambika, za nkhuku imene anaikhalira ali wamng'ono. Saidi anatembenuka, natsata mawuwo, ndodo uku ndi uku, mpaka inagogoda pa khonde.

“Alhamdulillah,” anatero Che Jafali. “Safunsa ndiye anadya phula. Uyu apite. Koma inu achemwali, thandala libwerere pamene linali.”

Anthu anathamangira kukagwira chanza a Gondwe, ena kukanyamula Saidi. Ine ndinatsala pa mchenga, kukhosi kokonzakonza kuja kulibe ntchito.

Pobwerera a Gondwe anati, “Tinaphunzitsa mwana, tinaiwala mayi.” Kuyambira pamenepo, tisanayambe njira ndi mwana aliyense, ndinkayamba ndakhala pa mphasa ndi a kwawo. Ndinkawapempha kuti mtondo, mbiya kapena mpando asasunthe osamuuza, ndiponso kuti akamamuitana azilankhulabe mpaka afike. Ena ndinkawamanga nsalu kumaso kuti ayende pabwalo lawo lomwe. Amalume olusa kwambiri ndiwo ankayamba kukuwa.

Phunziro linalo linali langa ndekha, ndipo a Gondwe sanandiuze. Ntchito iyi ukaigwira bwino, mwana akasochera amaitana wa kwawo, osati iwe. Ndakalamba tsopano, ndikuyesabe kukondwera nazo.