Ndinagwira Tochi, N'kutseka Pakamwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinawonongetsa chinthu chomwe sindinachikhudze n'komwe. Linali Loweruka masana, m'galaji yozizira ya kuseri kwa mafulati ku Springburn, ndipo ndinali nditagona chagada pa katoni kunsi kwa galimoto.

Adadi anali makanika ku Limbe kwa zaka zambiri asanabwere kuno ku Glasgow. Kuno palibe anafuna kumva za Limbe. Anapeza ntchito yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwanyamula, kuwadyetsa. Manja amene ankaphwasula injini za malole ankabwera kunyumba ali ndi fungo la sopo. Sankadandaula, koma galimoto ikadutsa pamsewu ikulira molakwika, ankaima n'kuitsatira ndi maso mpaka ikakhote.

Mwini galajiyo anali a Rab, mzungu wachikulire amene anagwirapo ntchito kopangira masitima. Adadi ankasamalira mlongo wa a Rab, ndiye anadziwirana kumeneko. A Rab ankamanga galimoto ya mtundu umene amati hot rod: thupi lakalekale lodulidwa denga, lopanda madigadi, loti aikemo injini yaikulu. Injiniyo inali yakale kuposa adadi, ya ku America, ya masilinda asanu ndi atatu. Giyabokosi yake anaisaka zaka zinayi, n'kudzaipeza m'khola la mlimi wina. Koma zala za a Rab zinali zitauma ndi nyamakazi, sipanala inkawapulumuka. Choncho anapangana ndi adadi kuti aziwathandiza, ndipo galimotoyo ikadzayenda, adzawapatsa kiyi wa galaji kuti azikonzeramo magalimoto a anthu. Kunyumba kwathu kiyi ameneyo tinkamutchula ndi m'mapemphero.

Ine ndinabadwira kuno. Chichewa ndinkamva ndithu, koma ndinkayankha m'Chingerezi cha m'misewu ya Glasgow. Patangotsala mlungu umodzi kuti lifike tsikulo, titatuluka m'tchalitchi, adadi ankafotokozera akuluampingo njira ya basi, ine n'kuwadula pakamwa m'Chingerezi kuti alakwitsa nambala. Anthu anaseka. Titafika kunyumba sanandimenye. Anandikhazika pansi n'kunena motsitsa mawu: “Thoko, mwana sakonza bambo ake pamaso pa anthu. Ukakhala ndi mawu, unene m'Chichewa, timve awiri. Apo ayi, meza.” Foni yanga anaisunga masiku atatu.

Tsono Loweruka lija tinali atatu. Injini inali itakhala kale pa chasisi, tcheni ikadali chogwira. Chotsala chinali kulumikiza giyabokosi kumbuyo kwake. Kutsogolo kwa giyabokosi kuli chigoba chachitsulo chotambasuka ngati belu, ndipo milomo yake imayenera kukhudzana ndi injini kuzungulira konse, kenako n'kumanga mabawuti. Anandilowetsa kunsi chifukwa ndinali wochepa thupi. Ntchito yanga inali kuunika ndi tochi ndi kupopa jeke akandiuza.

“Kweza pang'ono,” anatero adadi. “Basi. Basi! Ndati pang'ono, iwe.”

Anagwedeza giyabokosi uku ndi uku, akupuma mwamphamvu. Shafiti inalowa, tinamva kuti khu. Chigoba chinasendera, chinasenderanso, kenako chinaima. Panatsala mpata wokwana chala changa chaching'ono.

Anakankha ndi phewa. Sichinasunthe. Anachibweza, n'kuyambiranso. Kachitatu, kachinayi. Kunja mvula inkagogoda malata, ndipo madzi ankadonthera m'chitini pakona. A Rab anali atakhala pa kireti, kapu ya tiyi ili m'manja, akungoyang'ana. Kuyang'ana kwawoko ndi kumene kunkawotcha adadi. Ndinkaona nsapato zawo zikupondaponda pafupi ndi mutu wanga.

“Mwina tichitulutse, tione bwino,” anatero a Rab pamapeto pake.

“Ayi, bwana, n'dzimbiri chabe,” anayankha adadi akuseka, kuseka kwawo kwa pamaso pa azungu kumene ndinkadana nako. “Kwathu tinkazikoka ndi mabawuti. Zimalowa zokha.”

Pamenepo m'pamene ndinasuntha tochi n'kuona. Kumbuyo kwa injini, cha m'munsi, kunali kachitsulo kotuluka ngati msomali wonenepa, koyenera kulowa m'bowo la pa chigoba. Koma bowolo silinali bowo. Munali kachitsulo kena kakale, kothyokera momwemo, kakuda ndi girisi moti munthu woyang'ana kuchokera pamwamba sakanakaona. Tizitsulo tiwirito tinali titagundana mitu. Sindinali makanika, koma ngakhale mwana amadziwa kuti msomali sungalowe pamene pali msomali unzake.

Ndinamva sipanala ikugwira bawuti loyamba, pamwamba.

Mawu onse ndinali nawo, koma m'Chingerezi. Ndikanawanena, a Rab akanamva kuti kamtsikana ka sukulu kaona chimene makanika wa ku Limbe sanachione, pa tsiku lomwe ankamuyesa. Ndinayamba kufufuza Chichewa m'mutu mwanga. Ndinapezamo mchere, madzi, zikomo, mwadzuka bwanji, Ambuye akudalitseni. Kachitsulo munalibe. Bowo munalibe.

“Adadi,” ndinatero. “Pali... chinthu.”

“Unika kuno, usalongolole.”

“Adadi, chinthu, pansi.”

“Thoko! Tochi!”

A Rab anawerama pang'ono. “Uli bwino kunsiko, hen?” Ndi mmene amaitanira atsikana kuno.

Mpata wanga unali umenewo. Mkuluyo anandifunsa yekha. Ndinayang'ana nsapato za adadi, zitasiya kupondaponda, zikudikira yankho langa.

“Aye,” ndinatero, ndiko kuti eya m'kalankhulidwe ka kuno. Ndili bwino.

Adadi anamanga bawuti lakumanja, kenako lakumanzere. Pamwamba mpata unkatsekeka, ndinkamva adadi akunena kuti, “Mwaona? Chikubwera.” Pansi, pamaso panga penipeni, mpata unali chikhalire. Anatsikira ku bawuti la m'mbali, loyandikana ndi tizitsulo tija. Sipanala inayamba kulimba. Anawonjezera paipi kuti ikhale yaitali. Ine ndinkangouza mtima kuti mwina kachitsulo kakaleko kagonja, mwina katulukira kuseri.

Sikunamveke phokoso lalikulu. Kunangoti thwa, ngati munthu waponda mbale yadothi. Tizidutswa ta dzimbiri tinandigwera kumaso. Nditaphethira ndinaona mng'alu utayenda kuchokera pa bawuti mpaka pakati pa chigoba, ndipo chidutswa chachikulu ngati chikhatho changa chinagwera pa katoni, pafupi ndi khutu langa.

A Rab anaika kapu pansi, anagwada movutikira, n'kutola chidutswacho. Anachitembenuza m'zala zawo zopindika zija, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

“Tikhoza kuwotcherera,” anatero adadi. Mawu awo anali ataonda.

“Chitsulo ichi sichimva moto,” anayankha a Rab. “Pitani kwanu, mwanayu wazizidwa.”

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

Pa basi tinakhala m'mwamba, kumbuyo. Mawindo anali ndi nthunzi. Tinadutsa masiteji angapo adadi asananditembenukire.

“Unkati pali chinthu. Chinthu chanji?”

Ndinawauza zonse, m'Chingerezi, popeza panalibenso wotimvera. Anatseka maso.

“Ukanakuwa,” anatero.

“Munati ndizimeza.”

“Ndinati usandichititse manyazi. Nanga izi n'chiyani?”

Ndinali nditakwiya moti mano ankaluma okha, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe mpaka lero. Iwo ndiwo anagwira sipanala. Iwo ndiwo anandiletsa kulankhula. Koma amene anaona ndinali ine ndekha, ndipo izi sindingazikankhire kwa munthu.

Kiyi uja sitinamuone. A Rab sanawathamangitse adadi, anangosiya kuimba foni, ndipo adadi analibe nkhope yoti n'kuimbira iwo. Galimotoyo sindikudziwa ngati inadzayenda. Adadi akadasambitsabe okalamba, msana unayamba kuwavuta.

Sukulu ndinaisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo musandifunse ngati ndimanong'oneza bondo. Ndimagwira ntchito m'magalaji a anthu. Chichewa ndinachiphunzira mwaukali, kufunsa amayi dzina la kanthu kalikonse mpaka kuwatopetsa, ngati kuti vuto linali limenelo. Zinanditengera zaka kuti ndivomere kuti silinali limenelo. Mawu oti “siyani” ndinkawadziwa bwinobwino, ndinkawamva tsiku lililonse kunyumba. Sindinawanene chifukwa ndinkaopa kulandidwanso foni ndi kuyang'anidwa ndi diso lija, ndiye mantha angawo ndinawatcha ulemu. Anthu ambiri amene amatamandidwa kuti ndi aulemu ndimawaona akuchita zomwezo: amaonerera munthu akugwa, manja ali kumbuyo.

Masiku ano ndikaona bwana akukakamiza chitsulo chimene chikukana, ndimamuuza pomwepo, mokweza, kaya kasitomala alipo kaya palibe. Andichotsapo ntchito kawiri chifukwa cha pakamwa pangapa. Kawiri konseko ndinatuluka pakhomo galimoto ya mwini ili yathunthu.